Dzina la Rezoni

Rezoni Vicente ankawotcherera zitsulo ku Mandimba, kuseri kwa msika, m'kashedi ka malata komwe dzuwa likafika pamutu ngakhale agalu sankafuna kugonamo. Ankapanga zitseko, mafelemu a mawindo ndi mawilibala. Pa bilyete yake, chiphaso cha boma, dzina linalembedwa kuti Raison, koma panalibe amene ankalitchula monga linalembedwera. Amayi ake ankati Rezoni, mkazi wake Khadija ankati a Rezoni, obwera kudzapangitsa zitseko ankati mesitiri Rezoni. Munthu mmodzi yekha ndiye ankalipotoza dala, mlamu wake Hamisse.

Hamisse anali mchimwene wake wa Khadija, ndipo baraka yake, kasitolo kakang'ono, inayang'anizana ndi shediyo. Ankagulitsa chakudya cha nkhuku. Pa thumba lililonse la m'barakamo panali mawu a Chipwitikizi akuti ração, omwe amamveka ngati "rasau". M'mawa uliwonse akamachotsa loko pachitseko ankayang'ana kutsidya kwa njira n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji alamu anga a Rasau? Lero tikupatseni cha anapiye kapena cha zoikira mazira?"

Rezoni ankangoseka n'kutsitsa chigoba chake cha kumaso. Sizinkamupweteka, chifukwa iye anali ndi nkhani ya dzina lake imene anamusiyira malemu bambo ake, a Vicente. Iwo ankasimba kuti m'chaka cha 1989, banja lawo lili ku kampu ya othawa nkhondo kutsidya kwa malire, m'boma la Mangochi, akazi awo anadwala matenda a kubereka mwadzidzidzi. A Vicente anawabereka kumsana n'kuthamanga nawo mvula ili pamutu mpaka ku tenti ya chipatala. Kumeneko anapeza dokotala wa ku France, mwamuna wamtali zedi, dzina lake Dokotala Rezoni, amene anapulumutsa mayi ndi mwana yemwe. Nkhaniyi a Vicente ankaisimba pa maliro, pa ukwati, ngakhale pa mzere wa chigayo. Banja litabwerera kwawo ku Itepela mu 1993 dokotala wa m'nkhaniyo ankangowerama polowa mu tenti, koma pofika zaka zomaliza za moyo wa a Vicente dokotalayo anali atatalika moti ankachita kulowa chogwada.

Mu Novembala chaka chatha Khadija anabereka mwana wawo woyamba, wamkazi, patatha zaka zisanu ndi chimodzi akudikira. Anamutcha Ednah. Tsiku lachinayi atatuluka kuchipatala, Rezoni anabwera kunyumba masana kudzadya ndipo anapeza mkazi wake atakhala pa mphasa, mwana ali pamiyendo, akumuyang'anitsitsa ngati pali chimene chalakwika.

"Kwagwanji?" anafunsa Rezoni.

"Mwanayu ku rejisito, kolembetsa ana obadwa kuja, akamulemba kuti Ednah Raison, si choncho?"

"Inde. Dzina la bambo ake."

"Ndiye ndikufuna ndidziwe tanthauzo lake tisanapite kumeneko. Achimwene akuti ndi chakudya cha nkhuku."

"Achimwene anuwo amangoseka."

"Ndikudziwa kuti amaseka. Koma anzake akadzamuseka kusukulu, iye adzayankha kuti chiyani?"

"Adzati ndi dzina la dokotala wamkulu wa ku France."

"Inu munamuona dokotalayo?"

"Ndinamuona, kungoti ndinali ndi ola limodzi chibadwire."

Khadija sanaseke. Anatenga foni yake, nalemba zilembo zisanu ndi chimodzi zija monga zinalili pa bilyete, nafunsa tanthauzo lake m'Chipwitikizi. Foni inayankha mawu awiri, razão ndi motivo.

"Mwaona," anatero Rezoni. "Palibe nkhuku apa."

"Ikuti chifukwa. Dzina lanu ndi Chifukwa." Khadija anamuyang'ana. "Chifukwa cha chiyani? Munthu sungangoti chifukwa n'kusiyira pomwepo."

Nthawi yomweyo analowa Hamisse atanyamula sopo ndi nsalu ya mwana. Atamuonetsa foniyo anaiyandikitsa kumaso, naitalikitsa, kenako anaibweza. "Foni yaphonya chilembo chimodzi basi," anatero. "Zimachitika netiweki ikafooka."

Madzulo a tsikulo Rezoni anaimbira amayi ake, a Suzana, ku Itepela. Anawafunsa ngati dokotala uja analidi ndi dzina limenelo. Pa foni panamveka kaphokoso komwe Rezoni sanadziwe ngati n'kutsokomola kapena kuseka.

"Bambo ako anakuuza kale," anatero. "Ine ndikubwera Lamulungu kudzaona mwana. Undigulire shuga."

Amene anamuthandiza anali Samuele, dalaivala wa chapa, minibasi ya pakati pa Mandimba ndi Cuamba, yemwe anabwera kudzawotcheretsa mpando wothyoka. Atamva nkhaniyo anati ku Cuamba kuli mayi wina, a Ivone, amene anaphunzitsa Chifalansa ku sekondale zaka makumi atatu asanapume. Anati amakhala m'nyumba zakale za anthu a njanji, kufupi ndi siteshoni, ndipo aliyense kumeneko amawadziwa. Rezoni ankayenera kupita ku Cuamba ndithu kukagula ndodo zowotcherera ndi madisiki odulira zitsulo, choncho Loweruka m'mawa anakwera chapa ya Samuele, nakhala pa mpando womwe anaukonza yekha uja.

Atamaliza kugula katundu wake anafunsa njira. Nyumba ya a Ivone inali yachikasu chofwifwa, ya khonde lalitali, ndipo geti lake linali lopendekeka, lomangidwa ndi waya kumtunda. Rezoni analiyang'ana getilo kaye asanaodire, monga amachitira aliyense wa ntchito yake. Kuseri kwa nyumba kunatuluka mayi wamfupi wa imvi, magalasi ali pamphuno, beseni lili m'manja, nkhuku zoposa makumi awiri zikumutsatira.

Rezoni anayamba kulankhula Chipwitikizi chake cha kumsika, koma mayiyo anamudula m'Chinyanja chomveka bwino.

"Lankhulani zakwanu, bambo. Bambo anga anali Mmakhuwa wokonza mabuleki a sitima, koma amayi anga anawatenga ku Nayuchi. Gwirani beseni ili."

Rezoni analandira beseni. A Ivone anayamba kutapamo chakudya ndi chitini n'kumathira m'migolo yodulidwa pakati, iye akuwatsatira pambuyo n'kumafotokoza: za mwana, za rejisito, za mlamu wake, za dokotala wamtali. Atamaliza anatulutsa bilyete yake. Mayiyo anapukuta dzanja pa nsalu, naiwerenga.

"Inu mumalitchula bwanji?"

"Rezoni."

"Chotsani 'ni' wakumapetoyo. Rezõ. Mawu omalizawo atulukire m'mphuno, ngati muli ndi chimfine."

Rezoni anayesa. Tambala amene anali pafupi anasiya kudya n'kumuyang'ana.

"Bwerezani."

Anabwereza kanayi. Kachisanu a Ivone anati zakwana, Afalansa enieniwo kulibe kuno, palibe amene angadandaule. Anamutengera pakhonde, namupatsa mpando, iwo nalowa m'nyumba. Anatuluka ndi buku lalikulu lomasulira mawu, lopanda chikuto chakutsogolo, lomwe masamba ake ena anali atadyedwa ndi chiswe m'mbali.

"Foni ya akazi anu sinaname," anatero atapeza tsamba. "Kungoti inanena zochepa. Mawu amenewa Afalansa amawagwiritsa ntchito m'njira zingapo. Yoyamba ndi imeneyo, chifukwa. Mwana akajomba kusukulu mphunzitsi amafunsa raison yake. Yachiwiri ndi nzeru zoganizira, zimene munthu ali nazo koma tambala uja alibe. Munthu akapenga amati wataya raison. Yachitatu ndi ya pa mkangano. Awiri akatsutsana, amene akunena zoona amati ali ndi raison, monga Apwitikizi amanenera kuti tem razão. Akakhala mwamuna amati il a raison. Akakhala mkazi, elle a raison."

"El a rezõ," anatero Rezoni, akuyesa mphuno yake.

"Mwayamba kukhoza."

Sitima ya katundu inalira kusiteshoni, ndipo onse awiri anadikira kuti idutse, chifukwa mawindo a nyumbayo ankanjenjemera ndipo sakanamvana. Itapita Rezoni anafunsa kumene mawuwo anachokera.

A Ivone anaoneka kuti funso limeneli ndi limene ankalidikira. Anang'amba pepala m'kope lakale, nalemba pamwamba pake mawu amodzi, ratio.

"Ichi ndi Chilatini, chinenero cha Aroma akale. Chifalansa ndi Chipwitikizi onse ndi ana ake, n'chifukwa chake amafanana nkhope. Kwa Aroma mawu awa poyamba ankatanthauza kuwerengera, kuyeza chinthu kuti udziwe kukula kwake kapena kuchuluka kwake. Anachokera ku mneni wakuti reri, kuwerengera mumtima, kuganiza kuti chinthu chili mwakuti. Ndiye popita nthawi anaona kuti munthu woganiza bwino ndi amene amayeza zinthu m'mutu asananene kapena kuchita kanthu."

"Ngati ine ndisanadule chitsulo," anatero Rezoni. "Ndimayeza kawiri."

"Chimodzimodzi. Tsono mawuwa anayenda pakamwa pa anthu zaka mazanamazana, akupereseka ngati chidendene cha nsapato. Ku France anasanduka raison." Anajambula mzere wotsika, nalemba. "Ku Portugal anasanduka razão." Anajambula wachiwiri.

Rezoni anamva bwino mumtima. Anali atayamba kale kukonza m'mutu mmene akamuuzire Hamisse Lolemba m'mawa, anthu a pamsika akumva. Koma a Ivone sanaike cholembera pansi. Anatenga chitini chija chomwe ankatapira chakudya cha nkhuku, nachiika patebulo.

"Nkhuku zanga zimadya zitini zisanu ndi zitatu m'mawa, zisanu ndi zitatu madzulo. Sindimangothira, ndimayeza. Gawo loyezedwa la chakudya, la msilikali, la mkaidi, la nkhuku, Afalansa amati ration. Apwitikizi amati chiyani?"

Rezoni anayang'ana cholembera chikujambula mzere wachitatu kuchokera pa mawu omwe aja a pamwamba, ndipo pansi pake a Ivone analemba bwinobwino, ndi kamchira komwe pansi pa chilembo, ração.

"Ndiye kuti alamu anga akunena zoona?"

"Pang'ono. Si dzina lanu, koma ndi m'bale wake wa bere limodzi."

"Aphunzitsi, mzere umenewu sungafufutike?"

"Ndalemba ndi inki."

"Nanga dokotala uja?"

A Ivone anavula magalasi. Anati n'zotheka, chifukwa alipo Afalansa amene dzina la banja lawo ndi Raison, ngakhale kuti si ambiri. Anati za dokotalayo buku silingathandize, afunse amene analipo tsikulo.

Rezoni anafunsa kuti athokoze bwanji, mayiyo anati palibe chofunika. Iye anapita pageti paja, namasula waya, napeza kuti hinjesi ya kumtunda inali itangotuluka m'malo mwake n'kupindika. Anabwereka hamala kwa oyandikana nawo, naiwongola pa mwala, naibwezera. Geti linatsekeka bwino koyamba m'zaka zinayi, ndipo a Ivone analitsegula n'kulitseka katatu kuti akhulupirire.

M'chapa pobwerera Rezoni anatulutsa pepala lija n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Asanafike ku Mandimba anali atapeza njira. Analipinda mbali ya kumanja mosamala, nalitsindira ndi chikhadabo, moti munthu akaliyang'ana ankangoona mizere iwiri.

Lamulungu a Suzana anafika chakumasana ndi thumba la mtedza, nkhuku yamoyo yomangidwa miyendo, ndi ambulera. Anali mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu zingapo, wowonda, wolankhula pang'ono. Anamunyamula Ednah, namuyang'ana makutu, zala ndi mchombo, nanena kuti mphuno ndi ya a Vicente koma mwina idzasintha. Atadya anakhala onse pansi pa mtengo wa mango, ndipo Hamisse naye anabwera kudzapereka moni kwa alendo.

Rezoni anatulutsa pepala lake. Anafotokoza za Aroma, za kuyeza, za mawu operesedwa ngati chidendene. Ananena kuti dzina lake limatanthauza nzeru zimene munthu ali nazo koma tambala alibe, ndipo ponena za tambala anayang'ana Hamisse. Zinkayenda bwino mpaka pamene Khadija anati abwereke pepalalo aone yekha. Analitembenuza, naona popindidwa paja, nalitambasula.

"Nanga mzere uwu?"

"Umenewo ndi wosafunika kwenikweni."

Khadija anauwerenga mokweza. Hamisse anapempha kuti abwereze. Atabwereza, anaimirira, nachotsa chipewa, nagwira Rezoni dzanja ndi manja awiri ngati pa chikondwerero.

"Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuphunzitsa anthu Chilatini pamsika paja osadziwa," anatero. "Alamu, pepala ili mundibwereke ndikalikhome m'baraka."

"Aphunzitsi anati ndi m'bale wake chabe, si dzinalo."

"M'bale ndi m'bale."

Rezoni anafuna kubweza ulemu wake, choncho anapitiriza ndi tanthauzo lachitatu, la pa mkangano. Anati mwamuna akanena zoona Afalansa amati il a rezõ, akakhala mkazi amati el a rezõ, ndipo analitulutsa m'mphuno bwino lomwe monga anamuphunzitsira.

A Suzana anali akumwa madzi. Anatsamwa, natsokomola, kenako anayamba kuseka mpaka Khadija anawalanda kapu. Anaseka nthawi yaitali, misozi ikutsika, akupukuta ndi nsonga ya nsalu.

"Bwereza," anatero. "Wanena ngati iye ndendende."

"Ngati ndani, amayi?"

"Mzungu uja. Kamkazi kafupi, kofiira mphuno ndi dzuwa. Kanali kafupi kuposa ine."

A Suzana anakonza nsalu yawo, nayamba kufotokoza.

Anati tsikulo kunalibe mvula, kunali dzuwa la Okutobala. Anadzuka m'mawa akumva kuti mwana akubwera, pakuti anali atabereka kale awiri ndipo ankadziwa. Atawauza a Vicente, iwo anatenga khadi la sikelo, naliwerenga, nanena kuti kwatsala mwezi wathunthu, chimene chikuwavuta ndi nandolo wa dzulo, chifukwa nandolo wa ku kampu ankatupitsa mimba aliyense. A Suzana anayenda okha wapansi mpaka ku tenti ya chipatala, amuna awo akubwera pambuyo n'kumanena za nandolo njira yonse. Pakhomo la tenti panali bambo wolemba mayina, nayenso anayang'ana khadi n'kugwirizana ndi a Vicente. Anati abwerere, adzabwere mwezi wamawa.

"Ine ndinakhala pansi pakhomo pomwepo. Ndinati sindichoka, amene akufuna kulowa andidumphe. Phokoso litakula kanatuluka kamzungu kaja, kanamwino. Kanandigwira pamimba apa ndi apa, kenako kanatembenukira mnzake amene anali m'kati n'kunena mawu amenewo. El a rezõ. Kananena kawiri, kachitatu kakuloza bambo ako ndi chala. Ola lisanathe iwe unali utabadwa."

"Ndiye bambo anamva mawuwo n'kuganiza kuti ndi dzina?" anafunsa Rezoni.

"Ayi. Bambo ako sanamve kanthu, anali kalikiliki kufotokozera anthu za nandolo. Ndinamva ndine. Madzulo ndinafunsa mtsikana wina wa ku Lichinga amene ankathandiza mu tentimo, ankamva Chifalansa pang'ono. Anandiuza kuti mzunguyo amati mayiyu akunena zoona. Ndiye m'mawa mwake ndinapempha kanamwinoko kuti kandilembere mawuwo pa khadi lako. Kanaseka, koma kanalemba. Bambo ako atabwera ndinawauza kuti limeneli ndi dzina la dokotala wamkulu amene watithandiza, ndipo kungakhale kupanda ulemu tikapanda kumutcha mwana dzina lake."

"Anavomera?" anafunsa Khadija.

"Msangamsanga. Ankachita manyazi ndi za nandolo zija, ndiye nkhani ya dokotala inawathandiza. Poyamba ankangoti dokotala. Kenako anakhala mwamuna. Kenako anayamba kutalika. Mvula ndi kundibereka kumsana zinabwera titabwerera kale ku Itepela."

"Ndipo inu osawatsutsa?"

"Ndiwatsutsirenji? Munthu ameneyo sanavomerepo m'moyo mwake kuti ine ndanena zoona. Koma tsiku lililonse ankaima pakhomo n'kumaitana kuti Rezoni, Rezoni, mudzi wonse ukumva. Tikakangana m'mawa, ine ndinkangoti, taitanani mwanayo adzadye."

Khadija anaseka mpaka mwana anadzuka. Hamisse anakhala pansi n'kugwira mutu. Rezoni yekha ndiye sanaseke. Anatenga pepala lija pa mphasa, nalipindanso, naliika m'thumba la malaya. Ankaganiza za bambo ake ataimirira pa maliro a amalume, dzanja lili m'mwamba kusonyeza kutalika kwa dokotala, anthu akugwedeza mitu. Nayenso nkhaniyo anali ataisimba kambirimbiri, ngakhale kwa makolo a Khadija tsiku lokafunsira ukwati.

"Ndiye bambo anamwalira osadziwa," anatero.

A Suzana anasiya kuseka. Anati sakukhulupirira choncho. Chaka chomaliza chija, a Vicente akudwala, tsiku lina masana ali awiri pakhonde anawafunsa kuti, "Suzana, dokotala uja anali kamkazi kafupi, eti?" Iwo anavomera. A Vicente anati, "Ndimakakumbuka. Kanandiloza ndi chala." Sanafunse china. M'mawa mwake kutabwera anthu a kutchalitchi kudzawaona, anawasimbira nkhani ya dokotala wamtali yonse, ndi mvula yomwe.

Rezoni anapukusa mutu, ndipo pang'onopang'ono nayenso anayamba kumwetulira.

Hamisse anafuna kubwezeretsa nkhani ku mzere wachitatu uja, koma a Suzana anamuyang'ana.

"Inu achimwene a Khadija, munabadwira kuno nkhondo itatha?"

"Inde, amayi."

"Rasau imene mukuisekayo ife tinaidya zaka zisanu ndi ziwiri. Kutsidya ankati reshoni. Ufa, nandolo, mafuta pang'ono, zoyeza ndi chitini, pa mzere kuyambira m'mawa. Mlamu wanuyu anakulira imeneyo. Ndiye mukamutcha choncho simukunama, kungoti muzimutcha mwaulemu."

Hamisse anati wamva. Lolemba m'mawa anatsegula baraka yake n'kupereka moni wa "mesitiri Rezoni", zomwe zinadabwitsa mayi wogulitsa tomato pafupi mpaka anafunsa ngati kwagwa zovuta. Lachiwiri anati "a Rasau olemekezeka", ndipo zinakhala choncho kuyambira pamenepo.

Lachitatu Rezoni ndi Khadija anapita ku rejisito. Mlembi atafunsa dzina la mwana, Khadija ndiye anayankha, natchula zilembo za dzina lachiwirilo chimodzichimodzi kuti lisalakwike. Potuluka anauza mwamuna wake kuti dzinalo walikonda, ndipo mwana wamkazi likumuyenera kuposa mmene limamuyenerera iye.

A Suzana anakhala masabata awiri. Anasintha malo a mbaula, anasintha kasambitsidwe ka mwana, anauza Rezoni kuti denga la bafa lake ndi lopendekeka, ndipo atakaliyeza anapeza kuti linalidi lopendekeka. Tsiku lobwerera Rezoni anabwereka mota, njinga yamoto, kwa mnzake kuti akawatule yekha ku Itepela. Anamanga katundu kumbuyo, shuga, sopo ndi mbaula yatsopano imene anawawotcherera, amayiwo nakhala pakati atagwira ambulera yawo.

Atayenda pafupifupi theka la njira, a Suzana anamugogoda paphewa. Analoza mitambo yakuda imene inaunjikana kumapiri a kumpoto.

"Ima. Mvula iyo ikubwera, ndipo ndi yamatalala."

"Amayi, mphepo ikuikankhira ku Malawi. Tikathamanga tifika."

"Ndati ima."

Rezoni anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma anangotseka. Anapatuka pa kagolosale kena ka m'mbali mwa msewu, nakankhira mota pansi pa khonde, nafunditsa katundu ndi pulasitiki. Mwini golosaleyo anawapatsa benchi. Anakhala pamenepo akudya mtedza n'kumayang'ana kumwamba. Machapa awiri anadutsa, njinga zonyamula makala zinadutsa, mbuzi zinabwera kudzanunkhiza matayala a mota n'kupita. Patatha maola awiri mitambo ija inali itasamukira kumadzulo yonse, dzuwa likuwala pa msewu wouma.

A Suzana anaimirira, nakung'untha makoko a mtedza pa nsalu yawo, napinda ambulera yomwe anali ataitsegula kale podikira.

"Tiye," anatero. "Ndipo zimenezi usakamuuze mkazi wako."

Anafika ku Itepela dzuwa litapendeka, fumbi lili m'nsidze, ndipo mlongo wake wa Rezoni anawafunsa chimene chinawachedwetsa. A Suzana anati mota inali yakale.